Momwe mungasinthire felemu ya minibike kuti isamadzuke kutsogolo kapena kugwedera

Ambiri timayambira ku injini. Timachotsa kainjini kamene minibike (kanjinga kamoto kakang'ono) inabwera nako n'kukhazikapo ya 196cc kapena 212cc, ija yotengera Honda GX200, imene ogulitsa amailemba kuti 6.5 hp. Tsiku loyesa ndiye zimaoneka. Ungopatsa moto pang'ono, tayala lakutsogolo lanyamuka, iwe uli gada pansi, njinga ikupita yokha. Ukaizolowera n'kuyamba kuthamanga, mahandulo amanjenjemera ngati akufuna kukupulumuka m'manja. Tcheni nacho chimangovuka, ndipo pakatha milungu ingapo pakhosi pa felemu, pa kapaipi kamene foloko ndi mahandulo zimazungulirapo, pamatuluka kamzere ka dzimbiri kamene kanalibepo.

Nthawi zambiri gwero la zonsezi ndi felemu: kutalikirana kwa matayala awiri, kumene kulemera kwanu ndi kwa injini kwatsamira, kupendekeka kwa khosi, ndi kulimba kwa mfundo zake. Zambiri mwa izi zimayezeka ndi tepi, chingwe ndi sikelo. N'chifukwa chake theka la ntchito imene ndikufotokozayi ndi yoyeza, ndipo simudula kanthu mpaka pa sitepe 6.

Ndineneretu: ngati simunawotchererepo paipi yopyapyala, musaphunzirire pa felemu imene idzakunyamulani pa liwiro la makilomita 50 pa ola. Yezani nokha, dulani nokha, lumikizani nokha, koma moto mumusiyire wodziwa.

## Zofunika kukhala nazo

Zoyezera
- Tepi, levulo, sikweya ndi choko
- Chingwe chopyapyala cholimba, ndi nati yolemera yomangirira kunsonga kwake
- Chitsulo chowongoka chotalika mita imodzi kapena kuposerapo
- Choyezera madigiri. Foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera kupendekeka imakwana.
- Sikelo yoyezera kulemera kwa munthu

Zodulira ndi zogwirira
- Grinder yokhala ndi madisiki odulira ndi opalira, sowo ya zitsulo, tupa yozungulira
- Chiboolera ndi mano ake a mamilimita 3, 6 ndi 8
- Makilampu osachepera anayi, ndi masipanala
- Tebulo lachitsulo lathyathyathya, kapena chitsulo cholemera chosapindika chotalika kuposa njingayo

Zowotcherera
- Makina a MIG okhala ndi waya wa mamilimita 0.6 kapena 0.8 ndiwo amayenda bwino pa paipi yopyapyala. Ngati muli ndi a marodi okha, gwiritsani ntchito marodi ang'onoang'ono a 6013, ndipo yesererani kaye pa zidutswa chifukwa sachedwa kuboola.

Zitsulo ndi zina
- Paipi yofanana ndi ya felemu yanu kukula ndi kuchindikala komwe. Mafelemu ambiri ndi a paipi ya mamilimita 22 kapena 25.
- Paipi yocheperapo yolowa mothina m'kati mwa paipi ya felemu
- Chitsulo chophwatalala cha mamilimita 3, ndi china cha mamilimita 5 kapena 6
- Mabawuti olembedwa 8.8 pamutu, ndi manati okhala ndi nayiloni m'kati
- Tcheni chatsopano cha nambala yofanana ndi chakalecho, nthawi zambiri 35 kapena 420, ndi kebulo ya buleki yotalikirapo
- Acetone wopukutira chitsulo

Zodzitetezera
- Chigoba chowotcherera, magalasi, magolovesi achikopa, zotseka m'makutu, ndi chozimitsira moto pafupi

Paipi ya madzi ndi ija yodutsitsamo mawaya a magetsi zisiyeni kumene zili. Sizinapangidwire ntchito imeneyi, ndipo zambiri ndi zokutidwa ndi zinc, amene utsi wake umadwalitsa powotcherera.

## Musanadule kanthu

### Sitepe 1: Thanani kaye ndi zolakwika zosafuna kudula

Kwezani kutsogolo kwa njinga tayala lisakhudze pansi. Gwirani foloko kumunsi, ikankheni kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva "kho kho", bawuti ya pakhosi yamasuka kapena ma bearing ake (timipira tachitsulo timene foloko imazungulirapo) atha. Gwedezani tayala lililonse cham'mbali. Onani mpweya m'matayala, onani ngati foloko siinapindike, onaninso ngati tayala lakumbuyo silinakhale mokhota pa ekiselo yake.

Musaderere sitepe imeneyi. Ine ndinataya masiku awiri ndikuwerengera madigiri a khosi pa njinga imene inkagwedera, kenako ndinapeza kuti kabushi ka pakhosi kanali katadyeka mbali imodzi, moti bawuti inkasewera ngati dzino logwedera. Nditaikamo katsopano, kugwedera kunatheratu, grinder osaigwira n'komwe.

### Sitepe 2: Yezani zinthu zisanu, muzilembe papepala

Imikani njinga chilili pamalo osalala, mahandulo atalunjika kutsogolo, wina akuigwirizira.

1. Mtunda wochokera pakati pa ekiselo yakutsogolo kufika pakati pa ekiselo yakumbuyo. Yezani mbali zonse ziwiri. Zikasiyana, felemu kapena foloko ndi yokhota kale.
2. Kutalika kwa ekiselo iliyonse kuchokera pansi, ndiponso kwa puleti ya injini kuchokera pansi.
3. Madigiri a khosi. Tsamiritsani choyezera pa paipi ya khosi, muwerenge kuti yapendekeka bwanji kuchokera pa chilili. Njinga zamoto zambiri zimakhala pakati pa madigiri 24 ndi 30.
4. Muyeso umene amakaniko amautcha trail. Gonekani chitsulo chowongoka m'mbali mwa khosi, chitsate pakati pake penipeni mpaka nsonga ikhudze pansi, lembanipo ndi choko. Kenako tsitsani chingwe chokhala ndi nati kuchokera pakati pa ekiselo yakutsogolo, lembaninso pamene nati yaloza. Chizindikiro cha khosi chiyenera kukhala kutsogolo kwa chizindikiro cha ekiselo. Mpata wapakati pake ndiwo trail.
5. Kulemera kwa pa tayala lililonse inu mutakhala pachishalo. Ikani tayala limodzi pa sikelo, linalo pa thabwa lokwera mofanana ndi sikeloyo, kenako sinthanitsani.

Trail ndi imene imachititsa kuti tayala lakutsogolo lizidziwongola lokha, monga momwe timatayala ta pansi pa mpando wa mu ofesi timatsatira kumene mukukankhira. Ikachepa, mahandulo amapepuka kwambiri ndipo njinga imachita phuma pa liwiro. Ikachuluka, njinga imalemera pokhota.

Chenjezo: mahandulo akakhota pang'ono pokha pamene mukuyeza, trail imatuluka yabodza. Yezani katatu.

### Sitepe 3: Sankhani mbali yotalikitsa

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, choncho tiyeni tichedwepo. Munthu amamva kuti felemu yaitali imakhazikika, n'kudula pamene pali posavuta kudula, pakati pa khosi ndi injini. Njinga imatalika ndithu, koma akapatsa moto imadzukabe ngati kale, nthawi zina kuposa kale.

Chifukwa chake chili pa miyeso yanu ija. Tiyerekeze kuti matayala atalikirana masentimita 100, ndipo inu pamodzi ndi njinga mukulemera makilogalamu 130: 91 kumbuyo, 39 kutsogolo. Ndiye kuti tayala lakutsogolo lanyamula magawo 30 pa 100 alionse, ndipo pakati pa kulemera konseko pali pa masentimita 30 okha kutsogolo kwa ekiselo yakumbuyo. Njinga ikamadzuka imazungulira pa tayala lakumbuyo, ndiye masentimita 30 amenewo ndiwo akulimbana ndi mphamvu ya injini.

Tsopano onjezerani masentimita 12 kutsogolo kwa injini. Inu ndi injini simunasunthe, mukadali pa masentimita 30 kuchokera ku ekiselo yakumbuyo, koma tayala lakutsogolo lapita kutali. Katundu wake watsika kufika pa magawo pafupifupi 27. Kutsogolo kwapepuka.

Masentimita 12 omwewo muwaonjezere kumbuyo kwa injini, ekiselo yakumbuyo ibwerere m'mbuyo. Tsopano muli pa masentimita pafupifupi 42 kuchokera ku ekiseloyo, ndipo tayala lakutsogolo lanyamula magawo pafupifupi 37. Njinga imakana kudzuka, tayala lakutsogolo limagwira nthaka pokhota, ndipo kugwedera kumachepa.

Choncho ngati vuto lanu ndi kudzuka ndi kupepuka kwa kutsogolo, talikitsani kumbuyo. Kutsogolo mumatalikitsa pokhapokha injini kapena thanki ikusowa malo, kapena mawondo anu akugunda mahandulo. Pa njinga zazing'ono chonchi, masentimita 10 mpaka 15 amakwana. Mukapitirira apo, tcheni chimatalika mpaka kumakwapula felemu, njinga imakhota ngati lole, ndipo mimba yake imagunda pa tizitunda.

Yang'anitsitsaninso momwe mapaipi akumbuyo ayendera. Ngati yapamwamba ndi yapansi zayenda mofanana osakumana, mudzaika zidutswa zofanana. Koma ngati yapamwamba ikutsetsereka n'kukakumana ndi yapansi pa ekiselo, kungoikamo zidutswa zofanana kumakweza kapena kutsitsa ekiselo. Zikatero talikitsani zapansi zokha, zapamwambazo muzichotse zonse n'kuika zatsopano zazitali.

## Kudula ndi kulumikiza

### Sitepe 4: Vulani felemu

Chotsani thanki, injini, matayala, foloko, makebulo, chishalo, ndi ma bearing kapena mabushi onse a pakhosi. Thanki itulutseni panja kutali, ngakhale mulibe petulo. Thanki yopanda kanthu ndiyo yoopsa kwambiri chifukwa mpweya wa petulo wotsalamo ndi umene umaphulika.

Palani penti masentimita 5 mbali zonse za pamene mudule, mpaka chitsulo chiwale mbee. Pukutani ndi acetone, mudikire aume, botolo lake mulichotse pamalopo.

Chenjezo: musapukute ndi mankhwala otsukira mabuleki okhala ndi chlorine. Akakumana ndi moto wowotcherera amatulutsa mpweya wa phosgene, umene umawononga mapapo ngakhale utakhala wochepa.

Nambala ya felemu, imene kawirikawiri imadindidwa pakhosi, musaipale kapena kuikwirira ndi chigamba.

### Sitepe 5: Mangani felemu pa tebulo

Lembani mzere wowongoka pakati pa tebulo kuyambira nsonga ina kufika ina. Khazikani felemu kuti pakati pa khosi, pakati pa puleti ya injini ndi pakati pa mpata wa ekiselo yakumbuyo zonse zigwere pa mzerewo. Puleti ya injini ikhale pa levulo kumanzere ndi kumanja. Mangani gawo lakutsogolo ndi makilampu kuti lisasunthe ngakhale mutalikankha.

Lowetsani ekiselo yakumbuyo m'malo mwake, pakati pake muikepo paipi yofanana ndi kukula kwa tayala ndi masipesa ake, n'kumanga nati. Popanda paipi imeneyo, mbali ziwirizo zimafinyana ndi moto, ndipo tsiku lomanga tayala limakana kulowa. Pansi pa ekiselo ikani timatabwa kapena tizitsulo toigwira pa msinkhu wake, kuti mukaibweza m'mbuyo isakwere kapena kutsika.

### Sitepe 6: Dulani ndi kukonza mfundo

1. Lembani podula pa paipi iliyonse, pamalo owongoka, kutali ndi pokhota ndiponso kutali ndi powotcherera pakale. Mfundo ya paipi yapamwamba isakhale pamwamba penipeni pa mfundo ya paipi yapansi. Zisiyanitseni masentimita angapo.
2. Zingani kapepala kowongoka pa paipi kuti mzere wodula uzungulire mofanana, kenako dulani.
3. Dulani zidutswa zotalikitsira zonse pamodzi kuti zifanane ndendende. Kusiyana kwa mamilimita 2 pakati pa kumanzere ndi kumanja kumaoneka pa tayala.
4. Dulani paipi ya m'kati yotalika kuti idutse m'chidutswa chonse n'kulowa masentimita osachepera 5 mu paipi yakale mbali iliyonse. Ngati chidutswa ndi cha masentimita 12, ya m'kati ikhale 22 kapena kuposerapo.
5. M'kati mwa mapaipi ambiri muli kamsana ka powotcherera pa kufakitale. Kachotseni ndi tupa yozungulira mpaka paipi ya m'kati ilowe ndi nyundo yamtengo. Isalowe mosewera.
6. Boolani mabowo awiri a mamilimita 8 pa paipi yakale mbali iliyonse ya mfundo, moyang'anizana, masentimita 2 kapena 3 kuchokera pamlomo. Boolani yakunja yokha.
7. Palani milomo ya mapaipi mopendeketsa kuti ikakumana ipange kangalande, ndipo siyani mpata wa mamilimita pafupifupi 2 kuti moto ukafike pa paipi ya m'kati.

Chenjezo: musalumikize mapaipi mlomo ndi mlomo popanda ya m'kati. Mfundo yotero imaoneka bwino tsiku loyamba, koma minibike zambiri zilibe masipuling'i kumbuyo, ndiye bampu iliyonse imathera pa mfundo yomweyo.

### Sitepe 7: Wotchererani mosinthanasinthana

Chitsulo chikawotchereredwa chimakokera kumene kuli moto pamene chikuzizira. Mukamaliza mfundo imodzi yonse nthawi imodzi, felemu imakhotera mbali imeneyo, ndipo palibe nyundo imene ingaibweze bwinobwino.

Yambani ndi timadontho togwiriza, tinayi pa mfundo iliyonse: pamwamba, pansi, kumanzere, kumanja. Mukamaliza mfundo zonse, imani muyeze. Tengani tepi kuchokera pakati pa khosi kufika kunsonga yakumanzere ya ekiselo, kenako yakumanja. Miyeso iwiriyo ifanane. Ikani levulo pa ekiselo, muyerekeze ndi puleti ya injini. Ngati pali cholakwika, ino ndiyo nthawi yodula kadontho n'kukonza.

Zikakhala bwino, dzazani mabowo aja, moto uyambire pa paipi ya m'kati n'kumazungulira kutulukira kunja. Kenako wotchererani mfundo kagawo kamodzi mwa magawo anayi, pitani ku mfundo ya mbali inayo muchite kagawo kofanana, bwererani. Pitirizani choncho mpaka zonse zitatha. Ngati paipi ndi yotsekeka mbali zonse, boolani kabowo ka mamilimita 3 pamalo obisika, chifukwa mpweya wotentha wa m'kati umaphulitsa chitsulo chosungunuka pamene mukutseka mfundo.

Felemu izizire yokha ikadali m'makilampu, mpaka mutha kuigwira ndi dzanja. Musaithire madzi. Apa ndi paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

## Khosi

### Sitepe 8: Limbitsani khosi, koma musathamangire kulidula

Bwererani ku trail imene munalemba. Njinga zamoto zikuluzikulu za pamsewu zambiri zimakhala ndi trail ya cha m'ma masentimita 10. Pa minibike ine ndimakhutira ikakhala pakati pa 6 ndi 9. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kukula kwa tayala kumasintha muyeso umenewu kwambiri. Tiyerekeze khosi la madigiri 25, ekiselo ili masentimita 4 kutsogolo kwa mzere wa khosi. Ndi tayala la 19x7-8, lotalika masentimita pafupifupi 48, trail imakhala pafupifupi 7. Ndi katayala ka 145/70-6, kotalika pafupifupi 35, imatsika kufika cha pa 4. Khosi lomwelo mukalipendeketsa kufika madigiri 30, tayala lalikulu lija limapereka pafupifupi 9.

Ndiye ngati trail yanu ndi yochepa, pali njira zofatsa musanaganize zodula. Tayala lokulirapo kutsogolo limaonjezera trail m'njira ziwiri: chifukwa cha kukula kwake, ndiponso chifukwa limakweza kutsogolo. Pa njinga ya masentimita 100, kukweza kutsogolo kapena kutsitsa kumbuyo ndi masentimita pafupifupi 1.7 kumapendeketsa khosi ndi digiri imodzi. Foloko imene ekiselo yake siinatulukire kutsogolo kwambiri nayo imaonjezera trail.

Kudula khosi kukhale komaliza, ndipo madigiri awiri kapena atatu ndi okwanira. Lichotseni lonse, semaninso milomo ya mapaipi kuti ikumbatire khosi popanda mpata, ndipo lowetsani chitsulo chachitali chowongoka m'khosimo, chothina bwino, nsonga yake igwere pa mzere wa pa tebulo uja. Khosi lopendekekera kumanzere kapena kumanja ndi digiri imodzi yokha limachititsa njinga kukokera mbali imodzi moyo wake wonse. Mukalipendeketsa mopitirira, mahandulo amangogwera mbali mukamayenda pang'onopang'ono, ndipo foloko imavutika ndi mabampu.

Kaya mwadula kaya simunadule, khosi liikeni zigamba. Dulani tizitsulo tiwiri ta mamilimita 3 ta ngodya zitatu, totseka ngodya ya pakati pa khosi ndi mapaipi, mbali yake yopanda chogwira ikhale yokhota ngati mwezi. Ikani kamodzi kumanzere, kena kumanja, kagone m'mbali mwa paipi. Chigamba chimodzi choimika pamsana penipeni pa paipi ndi chosavuta kuika, koma nsonga yake imabaya paipi pamalo amene imavutika kwambiri, ndipo mng'alu umayambira pomwepo. Wotchererani pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu n'kupumira, chifukwa khosi likatentha kwambiri limaphwatalala ndipo ma bearing salowanso.

Chenjezo: mukapeza mng'alu wakale, musaukwirire ndi chigamba. Boolani kabowo kumapeto kwake kulikonse, palani kangalande motsata mng'aluwo, wotchererani, kenako muike chigamba.

## Injini, tcheni ndi pokhala

### Sitepe 9: Puleti ya injini ndi mzere wa tcheni

Ngati puleti yakale ndi yopyapyala moti imanepa mukaiponda, injini ikakoka imapendekeka ndipo tcheni chimavuka. Ikani ya mamilimita 5 kapena 6, yokhala ndi mabowo aataliatali kuti injini izitha kusuntha kutsogolo ndi kumbuyo. Mabowowo muwatengere pa injini yanu yeniyeni: ikani katoni pansi pake, dindani, kenako mukopere pa chitsulo.

Musanawotcherere puleti, mangani tayala lakumbuyo, khazikani injini ndi kilatchi yake, n'kugoneka chitsulo chowongoka pankhope ya sprocket yakumbuyo, gudumu la mano limene tcheni chimayendapo. Chitsulocho chikakhudze nkhope ya mano a kilatchi osasiya mpata. Zungulizani tayala muyezenso malo atatu, chifukwa sprocket yopindika imanamiza. Injini ikhale kutsogolo ndiponso pansi momwe felemu ingalolere.

Tcheni chisewere sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka mukachikankha pakati, ndipo muyezere pamene chathina kwambiri. Poti tsopano chatalika, ikani kagudumu kochigwirizira kumunsi, mbali imene sichikoka. Kachitsulo kotsekera mfundo ya tcheni kaloze mutu wake wotseka kumene tcheni chikupita. Ikani chotchinga tcheni. Buluku likakodwamo palibe nthawi yoganiza.

Za magiya mwachidule: mano 12 pa kilatchi ndi 72 kumbuyo ndi 6 kwa 1. Injini zimenezi governor, kachipangizo kochepetsa liwiro la injini, amaziletsa cha pa maulendo 3,600 pa mphindi, ndiye tayala limazungulira ka 600. Ngati ndi la masentimita 48, ndi makilomita pafupifupi 54 pa ola. Sprocket yakumbuyo yaikulu imaonjezera mphamvu yonyamukira ndi kudzuka komwe. Yaing'ono imaonjezera liwiro koma imapsereza kilatchi. Governor musamuchotse pa injini imene flywheel yake, gudumu lolemera lozungulira pamodzi ndi injini, ikadali yakufakitale, chifukwa ikazungulira mopitirira muyeso ikhoza kusweka n'kumwaza zidutswa pafupi ndi mwendo wanu.

### Sitepe 10: Chishalo, zopondera ndi buleki

Chishalo chisabwerere m'mbuyo pamodzi ndi ekiselo. Ngati zomangira zake zinali pa gawo limene mwalibweza, zisunthireni kutsogolo pamene zinali poyamba. Munthu amalemera kuposa minibike yake, ndiye pamene mwakhala ndi pamene pamalamula. Kutsitsa chishalo masentimita ochepa kumathandizanso, bola chisayandikire paipi ya utsi kapena tayala.

Zopondera zikhale zopindika, ndipo musaziwotcherere pa paipi yopyapyala popanda kachitsulo kofalitsa katundu. Pendeketsani njinga mbali zonse muone chimene chikuyamba kukhudza pansi.

Kebulo ya buleki ikhale yatsopano yaitali, osati yakale yolumikiza. Chogwirira buleki pa felemu chimakokedwa mwamphamvu nthawi iliyonse mukaima, choncho chiwotchereredwe mbali zonse. Minibike zambiri zili ndi buleki yakumbuyo yokha, ndipo poti tsopano katundu wasunthira kutsogolo, tayala lakumbuyo silichedwa kukhuluzika mukagwira mwamphamvu. Muyesere kuima musanayesere kuthamanga.

### Sitepe 11: Yesani musanapake penti

Mangani zonse, koma penti idikire. Kokani zingwe ziwiri m'mbali mwa tayala lakumbuyo kupita kutsogolo, chilichonse chikhudze tayalalo malo awiri. Tayala lakutsogolo likhale pakati penipeni pa zingwezo. Yezaninso zinthu zisanu zija muyerekeze ndi pepala lanu.

Valani helemeti, magolovesi ndi nsapato zotseka. Pamalo otakasuka opanda magalimoto, yambani ndi liwiro la munthu wothamanga. Khotani mbali zonse, imani kangapo, pepukitsani manja pa mahandulo mumve ngati ikukokera mbali. Onjezerani liwiro pang'onopang'ono. Ikayamba kugwedera, musagwire buleki mwadzidzidzi ndipo musalimbane ndi mahandulo: chepetsani moto pang'onopang'ono mutaweramira kutsogolo.

Pakatha mphindi 15 yang'anani mfundo zonse ndi tochi, makamaka m'mphepete mwa powotcherera ndi kunsonga kwa zigamba. Mangitsaninso mabawuti. Chitaninso chimodzimodzi pakatha ola limodzi. Zikakhala bwino, vulani, pakani penti. Dziwaninso kuti m'mayiko ambiri minibike siziloledwa pamsewu wa magalimoto, ndiye fufuzani malamulo a kwanuko musanatuluke nayo.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kusintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Kutalikitsa, kudula khosi, kusintha matayala ndi magiya sabata imodzi. Ikayamba kugwedera simudziwa chimene chalakwa. Talikitsani kaye, yesani, kenako muone ngati khosi likufunikadi kukhudzidwa. Nthawi zambiri silifunika.

Kupala powotcherera kuti pasalale. Mfundo yosaoneka imasangalatsa maso, koma grinder imadya ndi paipi yomwe m'mbali mwake, ndipo paipiyo ndi ya mamilimita awiri okha kapena kucheperapo. Chotsani timinga tokha, msana wa mfundo muusiye.

Moto wochepa. Poopa kuboola, ena amatsitsa moto mpaka chitsulo chimangokhala pamwamba ngati phula osalowerera. Wotchererani kachidutswa koyeserera, kamangeni mwamphamvu, kamenyeni ndi nyundo. Paipi ipindike, mfundo isatseguke.

Kuiwala msinkhu wa ekiselo. Ekiselo yakumbuyo ikatsika poyerekeza ndi felemu, kumbuyo kumakwera, khosi limaimirira, trail imachepa. Munthu amadabwa kuti watalikitsa njinga koma kugwedera kwaonjezereka.

Kubisa kugwedera ndi chogwirizira mahandulo. Kachipangizo kamene amati steering damper kamachepetsa kunjenjemera, koma ngati gwero ndi bearing yotha kapena matayala osalondolana, vuto likadalipo ndipo lidzatulukira pa liwiro lalikulu.

Kumangirira waya wa makina owotcherera pa ekiselo kapena pa tayala. Mukamakonza kanthu kakang'ono njinga itamangidwa kale, magetsi amadutsa mu ma bearing n'kuwapsereza timadontho. Mangirirani wayayo pa felemu penipeni, pa chitsulo chopalidwa, pafupi ndi pamene mukuwotcherera, ndipo thanki ikhale itachotsedwa ngakhale ntchitoyo ndi ya kadontho kamodzi.